Pachilumba Sachoka Poyenda

Carolina, 13 Epulo 1997

Ndidalitseni, Bambo.

Kuno kwacha ndi mvula yamawawa, ndipo kukuzizira ngakhale akuti nyengo yotentha yayandikira. Ndi Lamulungu m'mawa, ndangobwera kumene ku Misa. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi mng'ono wanga Mildre. Ine ndili bwino. Mlongo wanga Wilkin nayenso ali bwino, masaya ayamba kutuluka.

A Fello, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerengera Bambo kalatayi pagolosale panu, a madomino aja ali tcheru. Musaseke zilembo zanga, sukulu mukudziwa pamene ndinalekezera.

Ndinafika bwino kuchokera kwa azakhali ku New York. Ntchito ndapeza pa fakitale ya nkhuku. Nkhuku zimabwera zolendewera pa unyolo, ine ndimadula mapiko, mapiko okhaokha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndimagona chipinda chimodzi ndi mayi wina wa ku Mexico, dzina lake Chayo. Amalankhula mokwanira anthu awiri, ndiye tikugwirizana.

Ndatumiza madola 60. Mugule malata awiri a pamwamba pa bedi lanu paja mvula ya Meyi isanabwere. Zotsalazo Mildre agule nsapato za kusukulu, zokulirapo pang'ono. Nkhumba musagulitse, ngakhale wina abwere ndi mawu okoma.

Dzulo ndinakaonera Wilkin koyamba atavala yunifolomu ya timu yolipidwa ya baseball, mpira wathu womenya ndi ndodo uja. Atatuluka ndi ndodo yake, ine ndinaona kamwana kaja kamene munkakaponyera zitsekerero za mabotolo kuseri kwa nzimbe, iko kakumenya ndi mpini wa tsache, ine ndikutola zitsekererozo m'matope. Ndinalira pang'ono, koma palibe anaona.

Mawa lake la mpira uliwonse, nyuzi ya kuno imalemba timanambala ta wosewera aliyense. Chizungu sindimva, koma manambala alibe chilankhulo. Za dzulo ndi izi: waima kanayi, wamenya bwino kamodzi, kamodzi anamutulutsa powakha mpira wake m'malere, kawiri wapsa, ndiko kuti watuluka pophonya mipira itatu. Timu yapambana 5 kwa 3.

Kumapeto kuli kamzere ka zilembo BB. Ndinafunsa. Akuti ndi matikiti aulere aja amanena pa wailesi, woponya akaponya mipira inayi yoipa iwe osaigunda, n'kukuuza kuti uyende wekha mpaka pa besi yoyamba mwa malo atatu aja oimapo popita kukalowetsa chigoli. Wilkin anaseka, amvekere, "Pamenepo, achemwali, muzipeza ziro mpaka Yesu adzabwere. Ine ndine mwana wa Nicanor Sabino. Pachilumba sachoka poyenda, amachoka pomenya!" Ananena ndi mawu anu enieni, mpaka kakukhosomola kanu kaja.

Mwana wanu,
Yokasta

Carolina, 4 Meyi 1997

Ndidalitseni, Bambo.

Ndikhulupirira msana wasiya kuvuta tsopano pamene kudula nzimbe kukutha. Ife tili bwino. Dzanja lamanja limachita dzanzi m'mawa, koma Chayo akuti ndi za aliyense chaka choyamba.

Ndamva kuti malata munakhoma. Zikomo. Ulendo uno ndi madola 50. Nthochi zophika kuno n'zodula, zitatu dola imodzi, ndiponso mpaka ukwere basi kuti uzipeze. Ndimagulabe, chifukwa Wilkin akadya buledi wa kuno amati wadya thonje.

Munafunsa manambala ake, nawa. Ali pa .208. Inu mukudziwa tanthauzo lake, akaima kakhumi amamenya bwino kawiri kokha. Anzake asanu amene amagona nawo nyumba imodzi amupatsa dzina loti Chikupizo. Kukatentha amamuitana, "Chikupizo, tabwera udzagwedeze ndodo pano timve kamphepo!" Iye amaseka nawo, koma ine ndimamudziwa.

Lachisanu ndinamupititsira mpunga ndi nyemba ku bwalo. Pachipata ndinakumana ndi kochi wa omenya, a Cheo, mkulu wa ku Puerto Rico wa mimba yaikulu amene amalavula makoko a mpendadzuwa polankhula. Anandiimitsa.

"Ndiwe mlongo wake wa Sabino?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ulibe pakamwa? Chabwino, makutu uli nawo. Mnyamatayu manja ake ndi mphezi. Koma oponya onse amudziwa tsopano. Amamuponyera m'fumbi, iye amamenya. Amamuponyera kumwamba kwa mbalame, amamenya. Tsiku lina adzamuponyera chipewa, adzamenyanso. Mwezi wathunthu matikiti awiri okha! Ndani anamuphunzitsa kuti kudikira ndi tchimo?"

Ndinayang'ana pansi.

Anati kumapeto kwa Juni kukubwera anyamata atsopano ochokera m'makoleji a kuno, ndipo malo ndi owerengeka. Wina akalowa, wina atuluke. Akuluakulu a timu sayang'ana zomenya zokha, amayang'ana kuti munthu wafika kangati pa besi, kaya wafika pomenya kaya poyenda. Kwa iwo chigoli chilibe fungo.

Ndangolemba zimene ndinamva, Bambo. Ine za mpira ndimadziwapo chiyani?

Mildre andilembereko yekha, ndione ngati sukulu ikulowa.

Mwana wanu,
Yokasta

Carolina, 19 Meyi 1997

Ndidalitseni, Bambo.

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kwayamba kutentha. Ine ndili bwino ndithu, ndinangopuma masiku awiri sabata yatha, n'chifukwa chake ndalama ndi madola 35 okha. Musadandaule, ndidzakwaniritsa. Mildre akuti buku la masamu likufunika, muyambire pamenepo.

Ndikufuna kunena za foni ija ya Lamulungu la pa 11. Ndinali pambali pake m'kanyumba ka foni, khutu langa pafupi ndi lake, ndiye ndinamva zonse. Iye anabwera akuvina panjira, chifukwa dzulo lake anayesa zimene a Cheo amamuuza, n'kupeza matikiti awiri pa mpira umodzi, ndipo maulendo onse awiri anzake anamumenyera mpaka anakalowetsa zigoli. A Cheo anamupsompsona pachipumi pamaso pa anthu.

Atakuuzani, munafunsa kuti, "Wamenya kangati?" Anati sanamenye. Ndiye munati, "Ndinakutumiza kukamenya mpira kapena kukapemphetsa? Zaulere ndi za opunduka pakhomo la tchalitchi." Kumbuyo kwanu ndinamva kuseka, ndipo wina, ndikuganiza a Chichí a njinga yamoto, anakuwa kuti, "Mumuuze akafuna kuyenda abwere aziyenda kuno, misewu ilipo!"

Wilkin anati, "Ndidalitseni, Bambo." Foni inangoti duu.

Ndinamuuza kuti mawaya a kwathu mukuwadziwa, amaduka okha kukawomba mphepo. Mwina anadukadi. A Fello angadziwe.

Kuyambira tsiku limenelo wabwerera kwakale, mwinanso kuposa. Mipira isanu yapitayi waima maulendo 19, wamenya bwino kawiri, wapsa kasanu ndi kanayi. Tikiti ziro. Ali pa .191. Dzulo anamenya mpira umene unayamba wadumpha pansi usanamufike, ndipo azungu a pa mabenchi anaseka. Mwana wina wa kumbuyo kwanga anafunsa bambo ake kanthu, bambowo n'kupukusa mutu. Sindinamve mawu ake, koma ndinamva.

Mpunga umene ndinamupititsira anapatsa Ovidio, mnzake wa ku Venezuela wogona naye chipinda chimodzi. Anati alibe njala. Wilkin wopanda njala, Bambo, munamuonapo?

Nkhumba ija muzipatsa madzi kawiri nyengo ino.

Mwana wanu,
Yokasta

Carolina, 1 Juni 1997

A Fello, chonde, kalata iyi isawerengedwe pagolosale. Atengeni Bambo mupite nawo kuseri, pa mtengo wa mango paja, muwawerengere ali okha. Ndikudalira inu ngati amalume anga.

Ndidalitseni, Bambo.

Ndikhulupirira muli ndi moyo wabwino. Ife tilipo. Madola 50 ali kwa a Fello.

Lachinayi Ovidio anamuchotsa. Anamuitana mu ofesi mpira usanayambe, ndipo potuluka anamupatsa thumba lakuda la zinyalala kuti aikemo nsapato ndi magolovesi ake. Zaka zinayi za moyo wake zinakwana m'thumba limodzi. Ndinalipo pachipata ndi mbale ya chakudya. Anandiuza kuti, "Chemwali, nyemba zako ndidzazisowa," akumwetulira ngati munthu amene wamenyedwa m'mimba. Kwawo anauza amayi ake kuti wavulala bondo.

Bedi la Ovidio lili pululu, ndipo Wilkin amagona moyang'anana nalo.

Bambo, chibadwire sindinakuyankhenipo. Mukati khala, ndimakhala. Munati ndisiye sukulu ndilere Mildre Mayi atamwalira, ndinasiya, ndipo sindidandaula. Koma lero ndiyankha.

Mayi asanatisiye anandiuza za tsiku lija la 1969. Anati mzungu wosaka osewera anabwera ku San Pedro, ndipo inu munapatsidwa mpata umodzi wokha woti muime. Munaphonya mipira iwiri. Wachitatu munausiya ukudutsa, ndodo ili paphewa, woyimbira n'kukuwa kuti mwapsa. Mzungu anaitana wina. Mawa lake munali m'nzimbe ndi chikwanje, ndipo muli momwemo mpaka lero. Anandilumbiritsa kuti ndisadzanene. Mayi andikhululukire kumene aliko.

Sindikukumbutsani kuti ndikupwetekeni. Ndikudziwa chifukwa chake munkamukwapula Wilkin miyendo akasiya chitsekerero chikudutsa. Munkafuna kuti zimene zinakugwerani zisadzamugwere. Koma mpira uja ndi wanu, Bambo. Wilkin wakhala akuuthamangitsa ndi ndodo zaka zonsezi, ndipo sungamenyeke, unadutsa iye asanabadwe.

Anandiuza yekha kuti akaima pamenepo amauona mpira woipa ukuchoka m'dzanja la woponya, amadziwa kuti ndi woipa, koma amamva mawu anu m'khutu, manja n'kupita okha.

Pachilumba anachoka kale pomenya, monga munanenera. Tsopano akapanda kuphunzira kuyenda, abwerera pachilumba pa ndege ndi thumba lakuda.

Sindikupempha zambiri. Muimbe foni, kapena muuze a Fello alembe mzere umodzi. Mungomuuza kuti akasiya mpira woipa akhalabe mwana wanu.

Mukandikwiyira ndimva. Ndalama ndizitumizabe.

Mwana wanu,
Yokasta

Carolina, 15 Juni 1997

Ndidalitseni, Bambo.

Ndikhulupirira muli bwino. Ndinaimba Lachitatu, a Fello n'kundiuza kuti simunaonekenso pagolosale chiwerengereni kalata ija, ndipo mpando wanu wa madomino wakhalapo wina. Mildre akuti mukudya. Zimenezo zandikwanira.

Madola 40. Kufakitale andichotsa pa mapiko, ndili kolongedza m'makatoni. Malipiro ndi otsikirapo, koma mpeni sindigwiranso. Zina ndidzanena tsiku lina.

Popeza yankho silinabwere, ndayamba ndekha. Chayo anandisonkhanitsira zitsekerero za mabotolo kwa amuna a ku Mexico a nyumba yoyandikana, zodzaza chidebe. Akuti, "Ukawauza kuti n'zothandiza mpira, amwa mowa modzipereka." Mpini wa tsache ndinagula. M'mawa uliwonse umene timu ili kuno, ndisanapite kuntchito, ndimamudzutsa Wilkin n'kupita naye kuseri kwa nyumba yawo, poimika magalimoto.

Lamulo langa ndi limodzi. Choipa akachimenya, Lamulungu kulibe nthochi.

Tsiku loyamba anakana. "Achemwali, mwapenga? Inu kuponya munaphunzira kuti? Ndiponso bwanji mukuponya ndi lamanzere?"

Ndinati, "Lamanja lili patchuthi. Ima apo."

Kuponya kwanga n'koipa, Bambo, moti pa zitsekerero khumi zabwino zimakhala ziwiri. China chinamugunda pakhutu, china chinalowa pawindo la anzake. Mmodzi anasuzumira ali ndi tulo m'maso, amvekere, "Chikupizo, ameneyu timulembe ntchito, akuposa oponya athu!" Wilkin anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinali ndisanamve kuseka kumeneko chichokereni Ovidio.

Ataima anandifunsa chapansipansi, "Nanga Bambo?"

Ndinati, "Bambo ndawalembera. Mlandu ukakhalapo ndi wanga. Ukamva mawu awo m'khutu, uzimvera anga."

"Anu? Inu amene ngakhale kutchalitchi mumaimba ndi milomo yokha?"

Ndinangomuponyera china m'fumbi. Anachisiya.

Manambala a masabata awiriwa ndi awa: matikiti asanu ndi awiri, ndipo wakwera pa .214, chifukwa oponya akaona kuti zoipa sakuzigunda amakakamizika kumupatsa zabwino. A Cheo akuti zikuoneka, koma sakudziwa ngati zafika nthawi yake. Anyamata atsopano afika kale atatu, akugona kuhotela. Mmodzi amasewera malo a Wilkin. Ndi wamtali ngati mlongoti. Akuluakulu anena Lachiwiri la pa 24.

Mvula ikagwa mundiuze ngati malata aja sakudontha m'misomali.

Mwana wanu,
Yokasta

Carolina, 23 Juni 1997

Ndidalitseni, Bambo.

Ndikhulupirira muli bwino. Ine mawu andithera, ndikulankhula ngati chule, ndipo chifukwa chake mumva. A Fello, ngati Bambo sakubwerabe, mupatse Mildre akawawerengere kunyumba.

Dzulo masana kunali mpira womaliza akuluakulu asanagamule. Dzuwa linali loswa mutu. Bwana wamkulu wochokera ku timu yaikulu ya pamwamba pa yawoyi anakhala kumbuyo kwa ukonde, atavala chipewa cha udzu. Ine ndi Chayo tinakhala chapafupi naye, chifukwa a Cheo anatipezera malo.

Ulendo woyamba Wilkin anamenya koma anamuwakha. Wachiwiri tikiti. Wachitatu anapsa, anathamangira mpira wakumwamba, ndipo ndinaona bwana uja akukanda chibwano. Wachinayi tikiti.

Ndime yomaliza zigoli zinali 4 kwa 4. Anzake awiri anali atapsa kale, mabesi onse atatu ali ndi anthu, ndiye akubwera Wilkin. Anthu onse anaimirira. Inu mukudziwa zimene bwalo limafuna nthawi ngati imeneyo, limafuna mpira upite kunja kwa mpanda. Ndinaona mmene anagwirira ndodo, zala zili gwa, phewa lakwera. Ndinadziwa kuti muli naye pamenepo.

Mpira woyamba anauphonya. Wachiwiri woipa, anausiya. Wachitatu anaumenyera kumbali. Kenaka iwiri yoipa, anaisiya, koma wachiwiriwo ndodo inachita kugwedezeka. Zinafika pa itatu yoipa ndi iwiri yabwino. Wotsatirawo ndiye unali wogamula.

Woponya ali pafupi kukweza mwendo, bwalo linakhala chete pang'ono. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinapezeka ndaima pa benchi ndikukuwa m'chilankhulo chathu, "Wilkin! Kulibe nthochi!"

Azungu onse anatembenuka. Chayo anagwira pakamwa. Bwana wa chipewa anandiyang'ana ngati ndagwa kuchokera kumwamba.

Mpira unabwera ngati wabwino, ndipo utafika pafupi unagwera m'fumbi. Wilkin sanasunthe. Ndodo inali paphewa, Bambo.

Woyimbira analoza ku besi yoyamba. Wilkin anaika ndodo pansi bwinobwino n'kuyenda, ndipo popeza mabesi anali odzaza, onse anasuntha, wa pa besi yachitatu n'kudzalowetsa chigoli akuyendanso. 5 kwa 4. Anzake anamuthira madzi oundana. A Cheo anabwera pa ukonde akulavula makoko, amvekere, "Kodi si iwe unalibe pakamwa? Nthochizo n'zotani, ndigule za timu yonse!"

Ine ndinakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chikwama.

Ndadula kachidutswa ka nyuzi ya lero, kali m'kalata muno. Mildre akuonetseni. Waima kawiri mowerengedwa, pakuti matikiti sawerenga ngati kuima. Pa zomenya pali ziro. Pa BB pali 3. Pa zigoli zimene wabweretsa pali 1, ndipo ndi chimene chinapambanitsa. Ndikudziwa kuti diso lanu liyambira pa ziro. Ndikupempha lipitirire mpaka kumapeto kwa mzere.

Mawa ndiye tsiku. Thumba lakuda likabwera, likabwere atachita zoyenera. Ndalama sabata ino palibe, mundikhululukire.

Mwana wanu,
Yokasta

Carolina, 6 Julayi 1997

Ndidalitseni, Bambo.

Kwacha bwino, kumwamba kuli mbee. Ndikhulupirira mwadzuka ndi mphamvu, inu ndi Mildre. A Fello, iyi muwerenge pagolosale, mokweza, ndipo a Chichí azimitse njinga yawo amve nawo.

Monga munamva kale, Wilkin sanamuchotse. Wamtali uja ndiye anamutumiza ku timu ya kumunsi kuti akayambire kumeneko. Wilkin ali pano mpaka mpira utatha mu Seputembala, za chaka chamawa tidzaziona. Ali pa .233. Lachisanu anamenya umodzi wodutsa mpanda, unakaswa galasi la galimoto la munthu wogulitsa soseji. Dzina la Chikupizo latha, tsopano akumutcha Kondakitala, chifukwa cha matikiti.

Ndikulemba chifukwa dzulo pa foni ndinalephera kulankhula zambiri. Mukudziwa mmene ndilili. Kukuwa ndinakuwa kamodzi, kwatha.

A Fello atati Bambo ali pano, Wilkin anafuna kuthawa m'kanyumba ka foni, ndinachita kumugwira lamba. Simunapereke moni. Munangofunsa kuti, "Womaliza uja unali pati?" Iye anati, "M'fumbi, Bambo." Apo n'kuti khadi lathu la foni likudyeka.

Kenaka munati, "Wanganso unali pansi. Pansi pa bondo, kutalika kwa chikhatho. Woyimbira anali mlamu wake wa woponya."

Bambo, zimenezi Mayi sanandiuze, ndipo ndikuganiza kuti ngakhale iwo simunawauze. Ine ndinkayesa kuti munachita mantha tsiku lija. Ndinalemba kalata yonse ija ndikuganiza choncho. Kani diso lanu linaona zoona, munachita bwino, n'kulangidwa chifukwa chochita bwino. Ndiye munakhala zaka zonsezi mukuphunzitsa mwana kuti asakhulupirire diso lake, chonsecho disolo anatengera kwa inu. A Cheo ndawauza. Anavula chipewa, amvekere, "Ukawauze akuluwo kuti mpaka pano oyimbira akadali ndi alamu."

Wilkin atati, "Ndidalitseni, Bambo," munayankha musanapume n'komwe. "Mulungu akudalitse, mwana wanga. Woipa uzisiya. Koma wabwino ukausiya ndidzabwera wapansi kudzakukwapula." Anatuluka m'kanyumbamo akuseka ndi kulira nthawi imodzi, anthu a pamsewu n'kumamulambalala.

Tsopano za dzanja, popeza munafunsa kuti bwanji zilembo zanga zapendama kuyambira mwezi watha. Ndikulemba ndi lamanzere. Lamanja dokotala akuti mitsempha ya pamkono yatupa, lifunika kupuma miyezi ingapo, mwina kuchita opaleshoni. Sindibwera kwathu. Kolongedza ndikutha ndi dzanja limodzi ndi theka, ndipo Chayo akundifunsira ntchito ina kuhotela. Mildre sasiya sukulu, zimenezo ndanena ndipo sindibweza. Madola 45 ali m'njira. Nkhumba ikaswa, mwana mmodzi mupatse a Fello, atiwerengera zambiri.

Chomaliza. Nditatenga foni munati, "Iwe Yokasta, akuti unakuwa pamaso pa azungu?" Ndinati inde. Munati, "Mayi ako enieni." Ndinati, "Ndidalitseni, Bambo." Munayamba kuti, "Mulungu aku," khadi n'kutha, foni duu.

Musavutike kufunsa a Fello ngati ndinamva. Ulendo uno ndikudziwa kuti anali mawaya. Mawu otsalawo ndinamaliza ndekha panjira, ndikuyenda.

Mwana wanu,
Yokasta

Ndamaliza kulemba Lamulungu, 6 Julayi, nthawi ya 11 koloko m'mawa. Mpira uyamba 2 koloko, ndipo nthochi zili pamoto.